Kulira kwa Difu: Masiku Awiri Pansi pa Galimoto ku Guilleme

Phokosolo linayamba ngati la njuchi imodzi yotsekeredwa m'botolo. Alamu anga ankalimva akalowa pa tala, galimoto ikangopitirira liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo akachotsa phazi pa mafuta linkasintha mawu n'kukhala ngati likubuula. Pa msewu wafumbi wa kumudzi kwawo, kufupi ndi mishoni ya Guilleme, silinkamveka n'komwe, poti kumeneko chilichonse chimalira: zitseko, mipando, magalasi. Koma panalinso phokoso lina, lakale kuposa limeneli, limene banja lonse linali litalizolowera. Akati anyamuke, kapena asinthe giya kuchoka yakutsogolo kupita yakumbuyo, pansi pa mpando wakumbuyo pankamveka kuti gu! ngati munsi wagwera mu mtondo wopanda kanthu. Kugunda kumeneku kunatha chaka chathunthu popanda wokufunsa. Ndi komwe kunadya difu.

Galimoto yake ndi Nissan X-Trail, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan zitayenda kale, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, kudzalowa m'dziko muno pa Songwe. Oipanga anaiyezera anthu asanu ndi zikwama zawo. Kuno, nyengo yokolola ikafika, imasenza matumba a soya ndi mtedza kupita nawo ku Kamwendo. Lamlungu imanyamula a kwaya. Usiku uliwonse munthu akhoza kugogoda pazenera kuti ithamangire ndi mayi wapakati kuchipatala cha St Michael's. Pamudzi pamene galimoto ili imodzi, ikaima si mwini wake yekha amene amasowa tulo.

"Alamu, bwerani Loweruka tidzatsitse difu," anatero pa foni. "Mtengo umene andiuza kutauni, ndiye kuti ng'ombe imodzi ichoke m'khola."

Sindinawatsutse. Lilongwe ili pa mtunda woyandikira makilomita 100, ndipo galimoto ikakagona kugalaja, mwini wake amalipira ntchito, thiransipoti, chakudya ndi pogona. Masipeya ambiri a galimoto amachokera kunja, choncho kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zitsulo inakwera n'kusiya mtengo wa soya kumbuyo. Anthu ambiri amene lero akugona pansi pa galimoto zawo sanayambe chifukwa chokonda girizi. Koma ndinapita ndi nkhawa, chifukwa ndikudziwa kuti ntchito yopulumutsa ng'ombe ikhoza kutayitsa galimoto yonse, mwinanso munthu.

Dzina la malowa, Guilleme, ndi la munthu. Mathurin Guillemé anali wansembe wa chipani cha White Fathers wochokera ku France, ndipo anakhala episkopi wa dera la Nyasa kuyambira 1911 mpaka 1934. Mishoni yotchedwa dzina lake inatsegulidwa mu 1935, Mchinji ikutchedwabe Fort Manning. Chitsulo chimene tinakatsitsa nachonso chili ndi mizu ku France komweko: amene amatchulidwa kuti anayamba kupangira galimoto difu ndi Onésiphore Pecqueur, mmisiri wa mawotchi, cha m'ma 1827, galimoto zake zili zoyendera nthunzi. Zaka pafupifupi 200 zapita, koma nzeru yake sinasinthe, ndipo mlimi aliyense wa ku Mchinji amaidziwa ngakhale sanatsegulepo boneti.

Taonani ng'ombe ziwiri pagoli zikafika kumapeto kwa mzere. Pokhota, yakunja imayenda mtunda wautali pamene yamkati imangopondaponda pomwepo. Mutazikakamiza kuti ziponye mapazi mofanana, goli lithyoka kapena khosi la ng'ombe lichekeka. Matayala a galimoto nawonso ndi choncho. Pangolo palibe vuto chifukwa tayala lililonse limadzizungulira lokha. Koma pagalimoto matayala awiriwo amalandira mphamvu kuchokera ku injini imodzi, ndiye pamafunika chinthu chogawa mphamvuyo kwinaku chikulola lakunja kuthamanga kuposa lamkati. Chinthu chimenecho ndiye difu.

Mkati mwake muli giya yaing'ono, piniyoni, imene imalandira mphamvu kuchokera ku puropela shafiti, chitsulo chachitali chija chimayenda pansi pa galimoto kuchokera kutsogolo. Piniyoniyo imalumana ndi giya yaikulu yonga mbale, n'kukhotetsa mphamvu kuti ipite kumanzere ndi kumanja. Pakati pa giya yaikuluyo pali timagiya tina ting'onoting'ono, ndipo timeneti ndi timene timagwira ntchito ya pagoli ija. Kuyambira 1926, pamene kampani ya Packard ku America inayamba kuika magiya a mtundu wa hypoid, piniyoni ya galimoto zambiri imaluma giya yaikulu chapansi pang'ono, ndipo mano ake samangogundana, amakhulana. N'chifukwa chake difu ili ndi oyilo wakewake, wolembedwa GL-5 pabotolo, wokhuthala ndi wonunkha ngati dzira lowola. Oyilo wa injini sangathe kupirira kukhulana kumeneko. Amene amathira wa injini poti ndi amene ali pafupi, amakhala akupera mano a difu yawo pang'onopang'ono.

Apa mpofunika kusiyanitsa, chifukwa anthu amasokoneza. Pa Hilux, pa Hiace ndi pa malole, difu imakhala m'mimba mwa ekiselo yaikulu yolumikiza matayala onse awiri, ndipo ekiseloyo imagona pa masipuling'i. Mabushi a galimoto zotere ali kumapeto kwa masipuling'iwo. Koma pa X-Trail, RAV4, CR-V, Forester ndi Mark X, tayala lililonse lakumbuyo lili ndi mwendo wakewake. Difu imapachikidwa payokha pa mtanda wachitsulo pansi pa thupi la galimoto, ndipo timashafiti tiwiri timachoka m'mbali mwake kupita kumatayala. Pakati pa difu ndi mtandawo ndi pamene pali mabushi: kachitini kachitsulo, mkati mwake mpira wolimba, pakati pa mpirawo kapaipi kolowa bawuti. Bushi imodzi imakwana m'dzanja. Ntchito yake ndi kugwira difu kuti isagwedezeke mphamvu ya injini ikaikankha, komanso kumeza kunjenjemera kuti kusafike kwa okwera.

Mpira umakalamba. Kutentha kwa Okutobala kumauumitsa, fumbi limaukwecha, oyilo wodontha amaufewetsa, katundu wopitirira muyezo ndi mabampu a msewu wafumbi amaung'amba. Ukang'ambika, difu imayamba kugwedeza mutu nthawi iliyonse woyendetsa akaponda kapena kusiya mafuta. Ndiko kugunda kuja. Difu ikamagwedezeka chotero, mashafiti amalowa mokhota, timipira totseka oyilo m'mbali timadyeka, oyilo n'kuyamba kutuluka dontho limodzilimodzi. Difu ya galimoto ya alamu imalowa oyilo wopitirira pang'ono theka la lita basi. Botolo limodzi la chakumwa. Dontho la tsiku ndi tsiku silichedwa kumaliza muyezo wotero, ndipo oyilo akatha mabering'i amayamba kuimba. Nkhani yonse ya galimoto imeneyi ili pamenepa: kampira kamtengo wochepa kanalira chaka chonse, sikanamvedwe, mpaka kanatenga chitsulo chamtengo wa ng'ombe.

Chinthu chanzeru chimene alamu anachita chinali choitana munthu wodziwa asanagule kanthu. M'mudzi woyandikana nawo muli bambo wina wachikulire amene anagwira umakaniko zaka zambiri ku Lilongwe asanabwerere kwawo kudzalima. Sanayambe ndi sipanala. Anakhala pampando wakumbuyo, natseka mawindo, nauza alamu kuti alowe mu msewu wa M12. Anawauza kuti aponde mafuta, asiye, apondenso. Kenako anati agwedeze chiwongolero pang'ono kumanzere ndi kumanja msewu uli wopanda anthu. Anafotokoza kuti phokoso losintha ndi chiwongolero ndi la bering'i ya tayala, losintha ndi phazi la mafuta ndi la difu, ndipo losintha ndi mtundu wa msewu ndi la matayala. Kunjenjemera kobwera pa liwiro limodzi lokha kumaloza ku puropela. Atabwerera kunyumba analowa pansi ndi chitsulo chotsegulira matayala, nachilowetsa pakati pa difu ndi mtanda, nakankha. Difu inasuntha ngati dzino logwedera.

Ndakhalitsa pa mfundo imeneyi dala. Anthu ambiri agula difu pamene cholira chinali bering'i ya tayala, ndipo ena asintha difu n'kusiya mabushi akale omwewo, patapita miyezi difu yatsopanoyo n'kuyamba kudontha. Safunsa anadya phula. Ulendo wa mphindi makumi awiri ndi munthu wa khutu lozolowera umaposa sipeya aliyense amene mungagule mongoganizira.

Difu yatsopano ya m'bokosi ndi ochepa amene angaifikire. Ambiri amagula yochotsedwa ku galimoto ina, kaya ku Biwi Triangle ndi malo ena ogulitsa masipeya mu Lilongwe, kaya ku Chipata, kumene kwa munthu wa ku Guilleme n'kufupi kuposa ku likulu. Chitsegulireni malo amodzi ochitira zonse za pachipata cha Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022, kuwoloka ndi katundu wolipira msonkho kunapepukako. Kulikonse kumene mungapite, tengani nambala ya chasisi ndi chithunzi cha difu yanu, makamaka pomwe pali zolemba ndi polumikizira mawaya. Galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi madifu osiyana malinga ndi chaka, injini ndi giyabokosi. Chachikulu ndi kuchuluka kwa mano. Difu ya mano 41 pa giya yaikulu ndi 10 pa piniyoni si imodzi ndi ya mano 43 ndi 10, ngakhale kunja zikufanana ngati mapasa. Pagalimoto yokoka ndi matayala onse anayi, kumbuyo kukasiyana ndi kumene kutsogolo kukuyembekezera, matayala amakokana, ndipo chimene chimathyoka ndi chodula kuposa difu.

Mmisiri uja anapita nawo kokagula. Anamasula chotsekera chapansi n'kuona maginito ake, anazunguza mbali zonse ndi dzanja akumvetsera ngati muli mchenga, anayang'ana makutu olowa mabawuti ngati ali ndi mng'alu kapena chipsera cha kuwotcherera. Difu yoyamba anaikana chifukwa mkati munatuluka madzi adzimbiri. Yachiwiri anaivomera, koma anaumirira kuti agulirenso timipira tatsopano totseka oyilo, poti takale timakhala titauma pa nthawi yonse imene chitsulocho chakhala pashelefu.

Pa mabushi panali mkangano. M'misika yathu muli amisiri osema mabushi kuchokera ku matayala akale a malole, ndipo luso lawo ndimalilemekeza: apulumutsa galimoto zambiri zimene zikanagona panjira. Pa masipuling'i a pikapu, bushi yosema imakufikitsani kumapeto a nyengo. Koma pa difu yopachika ine sindingailimbikitse. Bushi ya pamenepo mpira wake anaumatiriza ku chitsulo kufakitale, ndipo zambiri zili ndi mipata yosiyidwa dala kuti zifewe mbali imodzi n'kulimba mbali ina. Mpira wa tayala wongokhomera sungachite zimenezo. Umagwira masabata angapo, kenako umayamba kuzungulira m'malo mwake. Alamu anang'ung'udza, koma anagula zenizeni.

Loweruka tinayamba kukuzizira, mame asanaume, monga mmene Julaye amakhalira ku Mchinji. Ndipo chinthu choyamba chimene mmisiri anachita chinali kukankhira kutali njerwa zimene mphwanga, mwana wa alamu, anali ataunjika kale pambali pa galimoto.

"Amalume, si zomwezi timaikira tikamasintha tayala?" anandifunsa mnyamatayo.

Posintha tayala munthu sakhala pansi pa galimoto. Njerwa yowotcha imaoneka yolimba, koma sichenjeza. Imangophwanyika nthawi imodzi, ndipo galimoto yolemera tani ndi theka imatsika pachifuwa cha munthu mofulumira kuposa kuphethira. Jeki nayonso ndi yokwezera, si yosungira. Kampira kamodzi mkati mwake kakatopa, imatsika yokha. Pamenepa sindifuna kunyengerera aliyense. Amene alibe miyendo yachitsulo yoimikira galimoto, apeze zipika za mtengo wolimba, zosang'aluka, zodulidwa mosalala, zazikulu kuposa ntchafu ya munthu wamkulu, ndipo azigoneke mopingasana pa nthaka youma ndi yosatsetsereka. Ife tinabwereka miyendo iwiri yachitsulo, pansi pake tinayala matabwa okhuthala kuti isalowe m'dothi, tinatsekera matayala akutsogolo ndi miyala mbali zonse, ndipo matayala akumbuyo titawachotsa tinawagoneka pansi pa thupi la galimoto kuti akhale chitetezo chachiwiri. Kenako mmisiri anaigwedeza ndi mphamvu zake zonse. Itakana kusuntha ndi pamene analola munthu kulowa. Analamulanso kuti nthawi zonse pakhale mmodzi kunja, ndipo ana aang'ono asayandikire.

Mabawuti anali atawathira mafuta ofewetsa dzimbiri kuyambira Lachinayi. Tinachotsa waya wa batire, poti difu ya galimoto imeneyi ili ndi chogwirira cha magetsi kutsogolo kwake, chimene chimalumikiza matayala akumbuyo akafunika. Mmisiri anamasula chotsekera cha pothirira oyilo asanakhudze cha pokhetsera. Chifukwa chake n'chapafupi: ukakhetsa oyilo kenako n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka, wadzitsekera wekha panja. Chizolowezi chimenechi sachisiya ngakhale pa difu yoti ikutayidwa.

Zimene zinatuluka sizinadzaze n'kapu yomwe. Zinali zotuwa ngati phala la dothi, zonyezimira tizitsulo. Pa maginito a chotsekera panali ndevu zachitsulo, zina zokhuthala zoti n'kuzimva pakati pa zala. Fumbi losalala lakuda pa maginito ndi lachibadwa. Tizidutswa togwirika ndi uthenga wa maliro. Kutuwako kunali madzi. Difu ikatentha paulendo kenako n'kulowa m'madzi ozizira a padambo nthawi ya dzinja, mpweya wa mkati umanyala n'kukoka madzi kudzera pa kapaipi kopumira kapena pa timipira totha. Alamu anakumbukira maulendo angapo a mu Febuluwale pamene madzi ankafika m'zitseko. Palibe anawauza kuti ukawoloka madzi otero, oyilo wa difu ayenera kuonedwa sabata yomweyo.

Asanamasule puropela, mmisiri anatenga penti yoyera n'kulemba mzere pomwe imakumana ndi difu, ndi pa mfundo zake, kuti zidzabwerere mmene zinalili. Puropelayo sanailole kulendewera. Anaimangirira m'mwamba ndi waya. Anachotsa mawaya a magetsi modekha ndi zala, nasolola timapaipi topumira. Kenako jeki yokhala ndi thabwa pamutu inalowa pansi pa difu kuilandira, mabawuti opachikira n'kumasulidwa. Pa galimoto zina timashafiti ta m'mbali timamangidwa ndi mabawuti. Pa iyi timangolowa n'kugwidwa ndi kamphete, ndiye timafuna kukankhidwa kamodzi mwamphamvu ndi chitsulo chaphanthi, osati kukokedwa, chifukwa ukakoka shafiti mfundo yake imasweka mkati mwa mpira. Bawuti imodzi inatidyera ola lathunthu. Alamu anafuna kuwonjezera paipi yaitali pa sipanala. Mmisiri anakana, nati kuona maso a nkhono n'kudekha: anaimenya pamutu ndi hamala, naithiranso mafuta, naimanga pang'ono, naimasula pang'ono, mpaka inalira n'kugonja. Dzuwa lili pamutu difu inatsika, anthu awiri ataigwira m'mbali. Si yaikulu, koma kwa munthu wogona chagada kulemera kwake n'kokwanira kuthyola zala.

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Inali isanayambe.

Bushi yaikulu inali yokhomeredwa mu mtanda wachitsulo, ndipo inakhala mmenemo chichokereni kufakitale. Pakati pake panagwa pokha titangokankha ndi chala, mpira wonse utang'ambika kuzungulira. Koma kachitini kakunja kanali katagwirana ndi mtanda ngati chitsulo chimodzi. Kugalaja yaikulu amatsitsa mtanda wonse n'kuuika pa makina okankhira. Pansi pa mtengo wa mango njira ndi ina. Ena amawotcha mpira ndi moto, koma thanki ya petulo ili chapomwepo, ndipo mmisiri sanafune n'komwe kumva za machesi. Anapala mpira wotsala ndi mpeni, nalowetsa lumo la sowo yodulira zitsulo m'bowomo, nalimangiranso ku chogwirira chake, nayamba kucheka kachitiniko kuchokera mkati. Ankacheka kasanu, n'kuima, n'kuunika ndi tochi ya foni. Cholinga n'kudula kachitini kokha osakhudza mtanda, chifukwa ukalasa mtanda wayambitsa mng'alu umene udzakula ndi mabampu. Atatsala pang'ono kubooleza anasiya sowo, natenga tchizulo, napinda m'mphepete mwa mocheka muja. Kachitiniko kanadzipinda n'kugwa pansi kuti ngwe. Tonse tinapuma ngati tatula mtolo.

Asanachotse yakaleyo anali atalemba pa mtanda mbali imene mipata ya mpira inaloza, ndi kuzama kumene inalowa. Ichi n'chimene ambiri amaiwala. Bushi yabwino yolowetsedwa mozondoka imagwira ntchito ngati yakutha, ndipo sikhalitsa.

Mabushi atsopano anali atagona usiku wonse mu fuliji ya pagolosale ina, atakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Chitsulo chikazizira chimanyala pang'ono, pang'ono zedi, koma pokwanira kuthandiza. Bowo tinalikwecha ndi sandipepa mpaka linawala. Makina athu okankhira anali bawuti yaitali yokhuthala, manati awiri, mawashala olimba ndi chidutswa cha paipi chofanana kukula ndi kachitini ka bushi. Pomanga nati, paipiyo imakankha m'mphepete mwa chitsulo, osati pa mpira. Bushi ikayamba kulowa mopendama, umaima n'kuibweza. Ukaumiriza, imaphwanyika kapena kukulitsa bowo. Hamala pamenepa ilibe malo. Girizi ndi oyilo siziyenera kukhudza mpira chifukwa zimaudya. Pamene pakufunika kuterera, madzi a sopo amakwana. Inalowa pang'onopang'ono, kuzungulira kumodzi kwa sipanala nthawi imodzi, mphwanga akuwerenga mokweza. Pamene inafika pa mzere wa penti, nkhuku zinali zikulowa m'khola.

Achemwali anatiikira madzi otentha ndi sopo wochapira. Fungo la oyilo wa difu silichoka tsiku limodzi. Tinadya nsima ya nkhwani wotendera manja akununkhabe.

Lamlungu tinadikira kuti anthu aweruke ku Misa. Kukweza difu kunali kosavuta kuposa kuitsitsa, koma kunafuna manja ambiri: wina pa jeki, awiri kulondolera timashafiti kuti tilowe mowongoka tisang'ambe timipira tatsopano, mmisiri akuyang'ana mabowo. Shafiti ikafika pamalo pake imamveka kuti tha, ndipo ukaikoka pang'ono siibwerera. Mabawuti onse analowetsedwa ndi zala kaye, osamanga ngakhale imodzi mpaka onse atapeza malo awo. Bawuti yofuna sipanala kuyambira pachiyambi ndiye kuti yalowa mokhota. Pomanga anatulutsa chida chimene amachisunga m'nsalu ngati ndalama: sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti, imene amakaniko amaitcha torque wrench. Miyezo yake anaiwerenga m'buku la galimotoyo limene mphwanga analipeza pa intaneti. Chikhulupiriro chakuti bawuti yabwino ndi imene wamanga mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka chathyola makutu a madifu ambiri, makamaka a aluminiyamu. Ndipo mabawuti a miyendo ya matayala amene tinawamasula kuti tipeze mpata anawamanga komaliza galimoto itatsika n'kuima pa matayala ake, kuti mipira yake isakhale yopotoka galimoto ili chiimire.

Pothirira oyilo pali malo opanikiza oti botolo silingaimirire. Tinagwiritsa ntchito kapaipi koyera ndi botolo lofinya. Umathira galimoto ili pamalo osapendama mpaka oyilo ayambe kubwerera pakamwa pa bowo, pamenepo wakwana. Wakale uja tinamutsekera m'chigubu. Kumudzi oyilo wakutha sasowa ntchito, ena amapaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, koma asatayidwe pansi kufupi ndi chitsime kapena kudambo kumene anthu amalima ndiwo ndi kumwetsa ng'ombe. Mitsinje ya kuno imathera mu Bua, ndipo Bua amakathira m'nyanja.

Kodi aliyense angathe ntchito imeneyi pakhomo? Kusintha difu yathunthu ndi mabushi ake, inde, munthu wodekha wokhala ndi zida zoyenera ndi wodziwa pambali pake angathe. Kutsegula difu n'kusintha magiya kapena mabering'i a mkati ndi nkhani ina. Mpata wa pakati pa mano a piniyoni ndi giya yaikulu umayezedwa m'tizigawo ta milimita, ndi wotchi yoyezera komanso utoto woonetsa pomwe mano akulumana. Diso ndi dzanja sizikwana. Zimenezo n'za amisiri amene anaphunzira ndipo ali ndi zida zake, kaya anadutsa ku Lilongwe Technical College ndi masukulu ena a pansi pa TEVETA, kaya anakulira m'galaja ya munthu wodziwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti amisiri ngati bambo uja akukalamba m'midzi ndi nzeru zawo, pamene galimoto zokhala ndi magetsi mpaka pa difu zikuchuluka m'misewu yafumbi. Anyamata ofuna kuphunzira alipo. Ndinamuona mphwanga masiku awiri onsewo: sanakhale pansi, sanagwire foni kupatula pofuna miyezo.

Asanalole galimoto kuchoka, mmisiri anazungulira matayala onse anayi akuwerenga manambala a m'mbali. Limodzi lakumbuyo linali la saizi ina, logulidwa pangozi tsiku lina ku boma. Anati lichoke sabata yomweyo. Matayala osiyana kukula amachititsa difu kuganiza kuti galimoto ikukhota ulendo wonse, timagiya tamkati n'kumazungulira osapuma kuchokera ku Guilleme mpaka ku Lilongwe. Za matumba a soya ananena kamodzi kokha, moyang'ana pansi monga munthu wolankhula ndi mnzake wamkulu: maulendo awiri opepuka ndi otsika mtengo kuposa umodzi wolemetsa.

Chakumadzulo tinanyamuka kukayesa. Alamu analowetsa giya yakumbuyo, tonse tili chete kudikira kugunda kuja. Sikunabwere. Analowetsa yakutsogolo. Zii. Pa tala, mawindo otseka, mmisiri ali pampando wake wakumbuyo, tinadutsa 60, tinafika 80, anasiya mafuta, anapondanso. Tinkangomva matayala ndi mphepo. Pa Kamwendo tinaima, mmisiri nagwada, nayandikiza kuseri kwa dzanja pa difu. Inali yofunda, yosawotcha. Anapukuta m'mbali ndi kansalu koyera, nakayang'ana padzuwa, nakapinda. Anauza alamu kuti usikuwo ayale katoni pansi pa galimoto n'kuiona m'mawa, ndipo pakatha sabata abwere adzayesenso mabawuti ndi muyezo wa oyilo.

Titabwerera tinapeza mphwanga atakokera difu yakale pakhonde, atatsegula kale chivundikiro chake. Anali ataika mabawuti mu mbale yakale motsatana monga anaonera. Anazunguza giya yaikulu ndi chala, akuyang'ana timagiya tamkati tikuyenda, kenako anagwira mbali imodzi n'kuona inayo ikuthamanga kawiri. Anachitanso kachiwiri, kachitatu. Mmisiri anakoka mpando, nakhala pambali pake, namupatsa choko kuti alembe dzino loyambira, ndipo mnyamatayo anayamba kuwerenga mano.